Bambo Morton Chitekwe ndi Kabokosi ka Mayi Effie

Malemu Bambo Morton Chitekwe anabadwa pa 14 Meyi 1958 m'mudzi mwa Mtila, Mfumu Yaikulu Sitola, m'boma la Machinga. Anali achitatu kubadwa m'banja la ana asanu ndi mmodzi la Bambo Killian Chitekwe, amene anali mphunzitsi wa katekisimu mu mpingo wa Angilikani, ndi Mayi Asiyatu Saidi. Makolo onse awiri anatsogola kale. Kuchimuna kwawo kunali Akhristu, kuchikazi kunali Asilamu, ndipo malemu ankakonda kunena kuti iwo anakula akudya Khirisimasi ndi Idi yomwe, osadumphako ngakhale chaka chimodzi.

Inu nonse amene mwadzaza tchalitchi chino cha ku Tottenham, ndi inu abale a ku Machinga amene mukutiona pa foni, mwaona kuti patebulo laling'ono, pafupi ndi chithunzi cha malemu, pali kabokosi koyererako, koti n'kukhala pa zikhatho ziwiri. Musadabwe nako. Ine Oswald Likaka, mlamu wawo wa malemu, amene banja landituma kuti ndiwerenge mbiriyi, ndinayesa kuilemba osatchula kabokosiko, koma zinakanika. Moyo wa alamu anga ndi kabokosi kameneka sizisiyanitsika, choncho mundilole ndizifotokoze pamodzi.

Mu 1965 malemu anayamba sukulu ya pulayimale ku Liwonde. Pa tchuthi chilichonse ankapita kwa amalume awo, Che Amidu Saidi, amene anali katswiri wosema ziboliboli m'mbali mwa msewu wopita ku Zomba. Che Amidu ankasema mtengo wa phingo, komanso tizinthu ta mnyanga wa njovu monga zibangili, zipeso ndi timabokosi, pakuti nthawi imeneyo lamulo linkalola bola munthu akhale ndi chiphaso cha boma. Kumeneko malemu ankatsatiranso asuweni awo ku madirasa. Sanapite nazo patali, koma zilembo za Chiarabu anazidziwa, ndipo mawu ochepa ankatha kuwawerenga.

Che Amidu anali ndi kaphunzitsidwe kawokawo. Mwana akafika pozokota mzere wake woyamba pamnyanga, sankamusiya yekha, komanso sankamulanda tchizulo. Ankakhala kumbuyo kwake n'kumugwira pamkono, chapafupi ndi chikhatho, kufikira mzerewo utafika kumapeto. Chitsulo chinkakhalabe m'manja mwa mwanayo, ndipo ntchito ikatha inkatchedwa ya mwanayo. Analinso ndi lamulo lakuti kabokosi kopita kwa mkwatibwi sikachoka pakhomo pawo popanda mawu a dalitso ndi dzina la mwiniwake kuzungulira chivindikiro. Zinthu ziwiri zimenezi malemu anazitenga kwa amalume awo ali mnyamata, ndipo sanazitaye.

Mu 1973 anasankhidwa kupita ku sekondale ya Malosa, ndipo anamaliza Fomu 4 mu 1977. Kuyambira 1978 mpaka 1980 anachita maphunziro a uphunzitsi ku Blantyre, kenaka anaphunzitsa m'sukulu za pulayimale m'boma la Zomba. Ana amene anawaphunzitsa amakumbukira kuti aphunzitsi a Chitekwe akajambula njovu pa bolodi, mwana woifufuta ankasowa.

Mu 1983, akusema kunyumba tsiku Loweruka, tchizulo inaterereka n'kuwacheka chala chachikulu chakumanzere. Anawatengera kuchipatala cha ku Malosa. Apa ndi pamene zinadziwika kuti munthu wosewera ndi zitsulo zakuthwa tsiku ndi tsiku ankaopa singano koopsa. Dzanja linkanjenjemera moti namwino wamkulu analephera kuwasoka, mpaka anaitana mtsikana wina wophunzira unamwino kuti adzawagwire pamkono. Mtsikanayo atagwira, dzanja linakhazikika. Mtsikanayo anali mlongo wanga, Effie Likaka. Balalo linapola msangamsanga, koma wodwalayo anapitirizabe kubwera kudzalionetsa kwa miyezi ingapo, mpaka chipatala chonse chinadziwa kuti chikuwavuta si chala.

Chaka chonse cha 1984 malemu anathera pa ntchito imodzi. Amalume awo anawapatsa chidutswa chomaliza cha mnyanga chimene anali nacho, cha njovu imene inaphedwa ndi asilikali a zanyama itavutitsa anthu m'minda. Pa chidutswacho malemu anasema kabokosi mukukaonako. M'mbali mwake anazokotamo masamba a maungu oyangayanga, pakati pa masambawo njiwa ziwiri zoyang'anizana, ndipo kuzungulira chivindikiro analemba kuti, Madalitso a Mulungu, mtendere ndi chimwemwe kwa Effie. Anakapereka pa chinkhoswe. Kunena zoona, ife akuchikazi tinkayembekezera makina osokera kapena njinga, ndipo tinayang'anana. Koma mlongo wanga atakalandira, anakagwira ndi manja awiri n'kukakumbatira pachifuwa, ndiye ife tinangotseka pakamwa. Ukwati wawo unadalitsidwa pa 17 Ogasiti 1985 ku Malosa.

Kabokosi kameneka ndi kanthu komaliza kamene malemu anasema ndi mnyanga. Patapita zaka zochepa, maiko atagwirizana zoletsa malonda a minyanga, iwo anali m'gulu la oombera m'manja, chifukwa anaona ndi maso awo mmene njovu za kwathu zinkathera. Chiyambire nthawi imeneyo akafuna kusema ankasema mtengo.

Mu Julayi 1986 Mayi Effie anapeza mwayi wodzapitiriza maphunziro a uzamba kuno ku London, ndipo malemu anasiya ntchito ya uphunzitsi n'kubwera nawo. Anapeza chipinda chimodzi cha lendi kuno ku Tottenham, chapafupi ndi Seven Sisters. Anafika nyengo yotentha. M'chipindamo, pansi pa windo, munali chitsulo cha mizeremizere chomatirira kukhoma, chozizira bwinobwino, pamwamba pake pali kathabwa kopakidwa utoto woyera. Malemu anaona kuti azungu aika shelefu pamalo abwino, powala, poti mlendo aliyense akangolowa maso ake agwere pomwepo. Anapukuta kathabwako, anayalapo kansalu, n'kuikapo kabokosi ka akazi awo. Iwo ankadziwa bwino lomwe kuti mnyanga sufuna kutentha kouma, pakuti amalume awo sankalola kuti uone dzuwa la Okutobala. Chimene sankadziwa n'chakuti kuno kuli zitsulo zimene zimagona miyezi yotentha n'kudzuka kukayamba kuzizira. Mu Okutobala landilodi anayatsa hita nyumba yonse. Banjali linasangalala kuti m'chipinda mwafunda, ndipo za kabokosi palibe anaziganizira.

Lamulungu lina m'mawa, mu Novembala, akukonzekera kubwera ku tchalitchi chomwe chino, anamva kuti tha! ngati khoko la nyemba zouma likuthetheka padzuwa. Chivindikiro cha kabokosi chinali chitang'aluka kuchokera kumbuyo kufika kutsogolo, ndipo mng'aluwo unadutsa pakati penipeni pa dzina la Effie. Nthawi imeneyo mlongo wanga anali woyembekezera mwana woyamba, ali kutali ndi amayi ake, m'dziko la eni limene kumada anthu asanaweruke kuntchito. Sanalire mokweza. Anangovula duku n'kukhala pabedi, ndipo tsiku limenelo kutchalitchi sanabwere. Malemu anagwada pafupi nawo n'kunena mawu amene banja lonse limawadziwa pamtima: "Effie, ndalakwa ndine. Kabokosika ndidzakakonza ndi manja angawa, palibe wina adzakakhudze." Lonjezo limeneli ndi limene linawongolera moyo wawo wonse kuyambira pamenepo.

Masiku amenewo ankagwira ntchito m'kashopu kopanga mafelemu a zithunzi. Anagula guluu wamphamvu, koma atafika naye kunyumba mtima unakana, ndipo sanamutsegule. Kasitomala wina anawauza kuti akafunse ku myuziyamu, kumene kuli anthu odziwa kusamala zinthu zakale. Loweruka lina kumayambiriro kwa 1987 anakulunga kabokosiko m'chitenje, anakaika m'jumbo, n'kukwera sitima yapansi kupita ku imodzi mwa mamyuziyamu akuluakulu a mumzinda uno. Ofesi imene ankaifuna sanaipeze. Anasochera m'zipinda, ndipo posocherapo anakaima kutsogolo kwa kabati yagalasi yokhala ndi timabokosi ta mnyanga wa njovu, tina tamakona anayi, tina tozungulira ngati kankhokwe.

Malemu anasendera pafupi ndi galasilo. Timabokosito tinali tozokotedwa paliponse popanda posiya, masamba opiringizana, mbalame, agwape ndi anthu oimba zeze. Pakachikwangwani panalembedwa kuti tinasemedwa ku Cordoba, m'dziko la Spain, zaka pafupifupi chikwi zapitazo, pamene kumeneko kunkalamulira mafumu a Chisilamu. Tambiri tinapangidwira akazi ndi ana aakazi a m'nyumba yachifumu kuti azisungiramo zonunkhira ndi zodzikongoletsera, ndipo minyanga yake inkachokera ku Africa. Koma chimene chinawaliza chinali pa chivindikiro. Kuzungulira chivindikiro cha kabokosi kena kunali mzere wa zilembo za Chiarabu, ndipo ndi nzeru zochepa za ku madirasa zija anatha kutolamo liwu limodzi, lakuti baraka, ndiye kuti dalitso. Kachikwangwani kanatsimikiza kuti mawuwo anali ofunira madalitso mayi amene anali mwini kabokosiko. Munthu wina, zaka chikwi zapitazo, anakhala pansi n'kuchitira mkazi wina zomwezo zimene amalume awo anawaphunzitsa pansi pa mtengo ku Liwonde. Mlonda wa m'chipindamo anaganiza kuti mlendoyo wadwala, ndipo anawabweretsera mpando.

Mlonda yemweyo ndi amene anawalozera kwa Bambo Bruce Ellwood, mkulu woyang'anira ntchito yosamala ndi kukonza zinthu zamtunduwu, amene lero, ngakhale akula, akhala nafe pa benchi yachiwiri apo. Bambo Ellwood atakaona kabokosiko, anawalangiza kuti asakathire kanthu kalikonse, akakulungenso, akasunge kutali ndi hita, ndipo adikire kuti mnyangawo ukhazikike. Kenaka anafunsa kuti anakasema ndani. Atamva kuti ndi amene aima kutsogolo kwawo, anawafunsa ngati angakonde kuiphunzira ntchitoyo. Malemu anavomera asanamve n'komwe kuti maphunzirowo ndi a zaka zingati, chifukwa m'mutu mwawo munali chivindikiro chimodzi chokha.

Kuyambira 1989 mpaka 1992 anaphunzira luso losamala zinthu zakale, uku akupitiriza ntchito ya mafelemu. Zaka zimenezo nyumba inaima pa mapewa a Mayi Effie, amene ankagwira mashifiti ataliatali kuchipatala uku akulera ana. Mwana wawo woyamba, Etta, anabadwa mu 1987, ndipo wachiwiri, Sekani, anabadwa mu 1991. Mu 1993 malemu analembedwa ntchito ku myuziyamu, ndipo anagwira kumeneko mpaka 2022.

Ambiri a ife sitinkamvetsa ntchito yawo. Tinkawafunsa kuti asema chiyani sabata imeneyo, iwo n'kuyankha kuti sanaseme kanthu, angotsuka phiko la mbalame imodzi. Ankagwira ntchito ndi kabulashi kofewa, kathonje kokulunga pa kamtengo ndi galasi lokulitsa zinthu, ndipo ngodya imodzi ya kabokosi inkatha kuwadyera mwezi. Ankatiuza kuti ntchito yawo ili ndi malamulo ake. Wokonza saloledwa kunamiza maso a anthu, choncho pamene pakonzedwa pazioneka kwa woyang'anitsitsa, ndipo chilichonse chimene wathira chizitha kuchotsedwa ndi wobwera pambuyo pake. Mu 2004 anapita ku Spain kukaona mabwinja a mzinda wachifumu kufupi ndi Cordoba kumene ena mwa timabokosito tinasemedwa, ndipo anabwerako ngati munthu wochokera kumudzi kwawo. Chimene chinkawakoka mtima kwambiri chinali mapazi a zitsulo pamnyanga, pamene tchizulo inalowa ndi pamene inatulukira. Ankakhulupirira kuti amisiri akalewo nawonso ankagwira ophunzira awo pamkono, ngakhale ankavomera okha kuti umboni wake alibe. Ophunzira awo a ku myuziyamu, amene ena ali pano, angachitire umboni kuti iwowo ankawagwiradi.

Mmalawi aliyense wobwera kudzacheza kwa a Chitekwe sankathawa ulendo wokaona timabokosi. Ukapita nawo unkafunika kudyeratu. Ankatha kuima pa kabati imodzi mpaka msana kuwawa, akukuuza kuti njovu zimenezi n'zathu, zinangotsogola ulendo wa ku Ulaya ife tisanauganize. Etta ndi Sekani ali ana ankati akamva kuti kwabwera alendo ankabisa nsapato zawo.

Mu 1998 banjali linasamukira ku Ilford, m'nyumba imene ambiri a inu mwakhala mukudzakhuzako malirowa. Nyumba imeneyo inatchuka ndi kuzizira. Alendo ankadya atavala majekete, ndipo mphekesera inali yakuti Bambo Chitekwe ndi oumira, akuopa bilu ya gasi. Lero ndikufuna ndiwayeretse alamu anga pamaso panu. Sanali oumira. Kabokosi kanali mu wadiropu, ndipo iwo sankafuna kuti mng'alu uja uwonjezeke. Mu mpingo uno anatumikira mu kwaya ndiponso monga mkulu wa mpingo. Achinyamata ambiri ofika kumene kuchokera kwathu anagona m'nyumba mwawo, ndipo ankawaperekeza ku maofesi a ku Croydon pa nkhani za mapepala okhalira m'dziko muno. Koma asanamuuze mlendo za basi kapena sitima, ankayamba amutengera kukhoma, n'kumugwiritsa hita, n'kumuuza kuti ichi si shelefu.

Tsopano ndifike povuta. Zaka zonsezi, kabokosi ka Mayi Effie kanali kasanakonzedwe. Poyamba malemu ankati sanaphunzire mokwanira. Ataphunzira, ankati kukubwera mankhwala ena abwino oposa amene analipo. Mankhwalawo atabwera, ankati wikendi ikubwerayi. Manja amene ankadaliridwa kugwira chuma cha ana a mafumu cha zaka chikwi ankafika kunyumba, n'kutsegula chitenje chija, n'kuyang'ana, n'kuchitsekanso. Anali ataletsanso kuti muziikidwa kanthu, poopa kuti kutsegulatsegula kungamalize chivindikirocho, ndiye kabokosiko kankangokhala kopanda kanthu. Nkhaniyi inasanduka nthabwala pa banja lathu. Mwana akazengereza kutsuka mbale, kapena wina akalonjeza zinthu zamawamawa, tinkati wayamba za kabokosi ka Effie. Mlongo wanga ankaseka nafe, koma ife obadwa naye tinkadziwa kuti kumtima kunkamupweteka.

Mu Ogasiti 2010, atakwanitsa zaka makumi awiri ndi zisanu ali pa banja, ana anakonza phwando, ndipo tonse tinkaganiza kuti tsiku lake lafika. Malemu anatulutsa kaphukusi, mlongo wanga nkhope inawala, koma mkati munali botolo la perefyumu. Anathokoza mwaulemu, n'kunena motsitsa kuti mphatsoyo n'njabwino, kungoti alibe poisunga. Titaweruka, ndikukwera nawo basi, ndinawafunsa alamu anga kuti vuto n'chiyani kwenikweni. Anandiuza kuti ndi mantha. Anati kuntchito akalakwitsa adzadzudzulidwa ndi akuluakulu, nkhani n'kutha, koma kabokosi aka anakawononga kale kamodzi, ndipo akakawononganso kachiwiri sadzatha kuwayang'ana akazi awo kumaso. Ndinawamvera chisoni, ngakhale kuti ndinali mbali ya mlongo wanga.

Chakumapeto kwa 2021 Mayi Effie, amene anali atapuma kumene pa ntchito ya uzamba, anayamba kumva kapu ya tiyi ikugogoda pa sosala amuna awo akainyamula. Madokotala anapeza kuti ndi matenda a Parkinson, amene amanjenjemeretsa manja. Malemu sanadikire kuti wina awauze. Tsiku limene anamva zotsatirazo anapita kuntchito n'kukauza anzawo kuti kuyambira pamenepo sagwiranso chinthu chilichonse cha m'makabati, azingolangiza ndi pakamwa, ndipo mu 2022 anapuma pa ntchito. Matendawo anawapirira popanda kudandaula. Chimene chinkawadya chinali lonjezo lija. Nthabwala ya kabokosi inatha yokha pa banja lathu, palibe anachita kuiletsa.

Mu Januwale 2024 malemu anagonja. Anauza akazi awo kuti apangana ndi wophunzira wawo wakale, munthu wa manja abwino kwambiri, kuti adzatenge kabokosiko akakakonze, ndipo kadzabwera kokongola kuposa mmene iwo akanakakonzera. Anaonjeza kuti manja awo atha. Mlongo wanga, amene anadikira zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri osakweza mawu, tsiku limenelo anakana kwamtuwagalu. Yankho lake anandiuza yekha, ndipo wandilola kuti ndilinene pano: "Ine sindinakwatiwe ndi myuziyamu. Munati ndi manja anu. Bweretsani dzanjalo kuno, ndinaligwirapo kale likunjenjemera."

Anayamba ntchitoyo mu Malichi 2024, patebulo la kukhitchini ku Ilford. Ankagwira m'mawa, mankhwala a malemu akangoyamba kugwira ntchito m'thupi, ndipo ankasiya manja akayambanso kuvuta. Hita inali yozimitsa, onse awiri atavala majekete ndi zipewa ngati ali pa siteji ya basi. Malemu ankakhala kutsogolo atagwira kachitsulo, Mayi Effie atakhala kumbuyo kwawo, atawagwira pamkono chapafupi ndi chikhatho. Anayamba ndi kutsuka mng'aluwo pang'onopang'ono. Kenaka anaudzaza ndi phula losakaniza ndi utomoni, limene malemu analisakaniza okha kuti lifanane ndi mtundu wa mnyangawo, pakuti anakana kuikapo mnyanga watsopano ngakhale kachidutswa. Masiku ena ankayenda kautali wa njere ya mpunga basi. Etta atapita kukawazonda anawapeza akukangana ngati ana, bambo akuti agwiridwa mothina, mayi akuti azamba sagwira mosisita. Anawasiya momwemo, n'kukalirira m'galimoto.

Anamaliza patangopita masiku ochepa Pasaka itadutsa. Mzerewo sunatuluke wowongoka bwinobwino, ndipo pamene ukudutsa pa dzina unakhota pang'ono. Malemu, amene ankabweza ntchito za ophunzira pa zolakwika zazing'ono kuposa pamenepa, anatenga galasi lawo lokulitsa zinthu kuti aone bwino. Mayi Effie anawalanda galasilo n'kuliika m'thumba la jekete, ndipo mpaka lero sanalibweze. Kenaka mayiwo anatsegula chivindikiro, anachitsekanso, ndipo chinakhala bwinobwino. Mlongo wanga akuti amuna ake anatulutsa mpweya wautali ngati munthu wotula mtolo wa nkhuni, ndipo masana a tsiku limenelo anagona tulo pampando, akumwetulira. Ife amene tinawaona m'miyezi yotsatira tikhoza kunena kuti, ngakhale thupi linkafooka, chaka chomaliza cha moyo wawo chinali chopepuka kuposa zina zonse.

Malemu analola kuti tsopano kabokosiko kazigwira ntchito yake, koma Mayi Effie anakasiyabe kopanda kanthu. Ana ankawauza kuti aikemo ndolo kapena mkanda, iwo n'kumati sanapeze choyenera. Ankangokatsegula ndi kukatseka m'mawa uliwonse akamapukuta fumbi.

Mu Febuluwale 2025 malemu anadwala chibayo ndipo anagonekedwa m'chipatala. Atapezako pang'ono anapempha kuti abwerere kunyumba, ndipo madokotala analola. Anatisiya Lamulungu, pa 9 Malichi 2025, dzuwa likuwala pa windo, ana awo ali pambali, akazi awo atawagwira pamkono. Anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi chimodzi. Anamwino atamaliza ntchito yawo, Mayi Effie anavula mphete ya ukwati ku chala cha amuna awo, anapita nayo kuchipinda, ndipo anaiika m'kabokosi muja. Ili momwemo pamene ndikuyankhula pano.

Malemu asiya akazi awo, Mayi Effie Chitekwe, ana awiri, Etta ndi Sekani, pamodzi ndi mabanja awo, ndi adzukulu atatu, Chiye, Roy ndi Fiona. Asiyanso alongo awo awiri ku Machinga, amene akutiona pa foni, ndi abale ambiri kuchimuna ndi kuchikazi komwe. Thupi lawo liikidwa m'manda konkuno ku London. Anasankha okha choncho, ponena kuti akufuna akagone poti Effie azitha kufikapo pa basi.

M'malo mwa banja, ndikuthokoza abusa ndi akhristu onse a mpingo uno, a kwaya, ndi amayi amene sanachoke ku Ilford chiyambire tsiku la zovutali. Tikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamala kuchipatala ndi kunyumba, ambiri mwa iwo ana athu omwe. Tikuthokoza Amalawi a ku Tottenham, ku Croydon ndi madera ena, abale athu a ku Zambia, ndi abale a ku mzikiti amene abwera kudzakhala nafe polemekeza mdzukulu wa kwa Saidi. Bambo Ellwood ndi anzawo onse a ku myuziyamu, inu munalandira mlendo amene anabwera ndi jumbo m'manja, ndipo munamupatsa ntchito ya moyo wake wonse. Mulungu akubwezereni.

Potuluka, amene mukufuna kukaona kabokosiko dutsani apa, muyang'ane ndi maso okha. Mukayang'anitsitsa muona kamzere kakang'ono kodutsa pa dzina la Effie, kokhota pang'ono. Musaganize kuti ndi chilema, ndi pamene panadutsa manja a anthu awiri. Ndipo anyamata okonza mipando, chonde tebulolo musalisunthire kukhoma, chifukwa kumeneko kuli hita.

Alamu anga, munalonjeza, munachedwa, koma munakwaniritsa. Manja aja apumule tsopano, sadzanjenjemeranso. Mzimu wa Bambo Morton Chitekwe uuse mumtendere wa Ambuye.